Mpando Wakumbuyo wa Kakowa

Loweruka, 1 Seputembala 1979

A Morton apita. Galimoto ya ku sikimu ya mpunga inawatenga m'mawa, masutikesi ndi galu wawo. Kontirakiti yatha, akubwerera kwawo. Atisiyira Kakowa, waya, shedi ya malata ndi Landirova yakale ija yopanda zitseko.

Kakowa ndi ndege yathu yopanda injini. Yoyera, mapiko aatali, mipando iwiri: wophunzira kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo. Landirova imaikoka ndi waya wautali mpaka ikwere, ukatero umamasula waya, kwatsala iwe ndi mphepo. Ndikulemba ngati sindikudziwa. Mwina ndikuopa kuti ndidzaiwala.

Ophunzira tachuluka ngati odwala a Lolemba m'mawa. Aphunzitsi a ku sekondale, makalaliki a pa boma, wapolisi mmodzi, alangizi a ku sikimu. Otiphunzitsa anali awiri. Tsopano watsala mmodzi, ndipo mmodziyo ndi apongozi anga aamuna.

Mulungu ali ndi nthabwala zake.

Pokwera galimoto a Morton anandiuza m'Chichewa chawo chothyokathyoka: "Lois, iwe pang'ono basi, uuluka wekha." Ndinathokoza, ndinawapatsa nsalu ya akazi awo. Kulira ndinakalirira kuseri kwa shedi.

Lolemba, 3 Seputembala

Sikelo ya ana ku chipatala chathu. Chikuku chayamba ku Mwenilondo. Mapazi kuwawa.

Chaka chachisanu ndi chimodzi ndili pabanja kuno ku Karonga, nkhope ya bambo ake a Hudson, mwamuna wanga, sindinaione. Dzina lawo silituluka pakamwa panga, ngakhale cholembera ichi sichilidziwa. Pabwalo la ndege onse amati a Kaputeni, nanenso ndizitero. Mwambo wa Ankhonde: mkazi wa mwana sayang'ana apongozi aamuna, salowa nawo nyumba imodzi, sayankhula nawo. Tikakumana panjira ndimapatukira m'nthochi, nsalu kumutu. Kwathu ku Dowa wothawa apongozi ndi mkamwini. Kuno zinanditembenukira.

Sindidandaula. Anthu awa anandilandira ndi manja awiri. Ng'ombe za malowolo anapereka kwa atate anga amene anachita kubwereka khola. Zaka zonsezi m'nyumba mulibe mwana, koma palibe anandinenapo, ngakhale mophiphiritsa. Nditapita padera kachiwiri, akazi a Morton ndi amene ananditengera ku bwalo kuti ndikapitidwe mphepo. Mphepoyo sinandisiye mpaka lero.

A Kaputeni anaphunzira kuuluka ku migodi ya ku Zambia. Anayamba ndi kukonza galimoto zokokera, anamaliza akuphunzitsa azungu omwe. Kale tinkapewana bwinobwino: ine Loweruka ndi a Morton, iwo Lachitatu ndi Lamulungu masana. Tsopano masiku onse ndi awo.

Hudson akuti ndidikire, mwina kubwera mphunzitsi wina. Kuchokera kuti? A Morton anafunsa mpaka ku Blantyre, yankho n'lakuti nafenso tikusowa. Hudson ndi mwamuna wabwino, koma za m'mwamba sangazimve. Amaopa ngakhale makwerero.

Bwalo lathu ndi dambo. Mvula ikangogwa, madzi mpaka m'mawondo kufikira Meyi. Ndikapanda kuuluka ndekha isanagwe, manja aiwala zonse, ndipo ndikudziwa kuti sindidzayambiranso.

Loweruka, 8 Seputembala

Ndinapitabe. Kukhala pakhomo mtima sukanalola.

Mzere wa miyala kutsogolo kwa shedi, ngati zidebe pa mjigo. Wofika amaika mwala wake, kenako kuntchito: kuthamangitsa ng'ombe pabwalo, kukoka waya, kukankha Kakowa kubwerera poyambira. Kuti mmodzi akwere kumwamba, gulu lonse lituluke thukuta pansi. Lero miyala inafika mpaka pa chulu. Amene anauluka sanakwane ndi theka lomwe. Patson wa ku positi ofesi wabwereranso osakwera, koma anapita akuimba mluzu. Anthu ena Mulungu anawaumba ndi dothi lofewa.

Mwala wanga unakhala m'thumba. Ntchito yanga inali kugwira nsonga ya phiko n'kuthamanga nalo ponyamuka, nkhope kumbali, duku mpaka m'maso. Ndinagwa, bondo lasupuka. Ambokile, dalaivala wa Landirova, akuti: "Asisita, mukuthamanga ngati nkhuku yovindikiridwa dengu."

A Kaputeni tsiku lonse osatsika pampando. Tiyi anamwera momwemo. Munthu wopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, dzuwa la Karonga pamutu. Pofika madzulo mawu anali atasasa. Ndinangowamva, sindinawaone.

Lamulungu, 16 Seputembala

Titaweruka ku tchalitchi kunabwera mlamu wanga Bertha ndi mbalagha m'poto, nthochi zake zija zophika ndi nyama. Bertha amagulitsa mpunga ku msika, pakamwa pake palibe chitseko. Anandipeza nditakhala ngati wofedwa.

Iye anakwerapo Kakowa kamodzi, chaka chatha, n'kusanzira nsapato zake za ku tchalitchi. Akuti: "Mulamu, ine m'mwamba muja adada sindinawaone olo pachoko. Munthu ali kumsana kwako, iwe wamangidwa malamba, ungamuone bwanji? Panjira pano ndiye pangozi, osati muja."

Ndinaleka kutafuna. Zoona. Miyezi yonse ija ndi a Morton, nkhope yawo ndinkaiona tikatsika basi.

Hudson anati tisayambitse nkhani. Bertha anati nkhani yayamba kale, iye azingodya.

Lachinayi, 20 Seputembala

Bertha wapita nayo kwa amayi, apongozi anga aakazi. Amayi kwa a Kaputeni. A Kaputeni kwa akulu awo a ku Songwe, amene m'banja muno mawu awo ndi omaliza. Yankho labwera ndi Hudson: chinthu chokhala ndi denga ndi chitseko ndi nyumba. Kakowa ali ndi chivundikiro chagalasi chotsekera anthu awiri m'kati, ndiye ndi nyumba. Komanso mphunzitsi angaphunzitse bwanji munthu amene sayankhula naye?

Sindinakwiye. Mwambo si chidani, ndi ulemu, ndipo ndinaulowa ndikuona.

A Kaputeni akuti sanatsutse. Anangobwereka sipanala ya Hudson.

Loweruka, 22 Seputembala

Zilembo zikupita kwawo lero.

Ndinafika n'kupeza chivundikiro chili pansi m'shedi, chokutidwa ndi bulangete. Kakowa wopanda denga, kagalasi kakang'ono kotchinga mphepo kutsogolo basi. Nyumba yanji yopanda denga? Ambokile anatenga mwala m'dzanja langa n'kuuika yekha pamzere.

Nthawi yanga itakwana, a Kaputeni anali atakhala kale kumbuyo, chipewa ndi magalasi awo akuda, akutero Bertha. Ndinayandikira chofulatira, Bertha atandigwira dzanja, mpaka ndinakhala. Siketi yanga yaitali ija ndinaisoka pakati, chifukwa ndodo yowongolera imakhala pakati pa mawondo, ndipo thalauza kwa mkazi ndi mlandu. Ukaimirira ndi siketi, ukakhala ndi nkhani ina. Julius, wapolisi wathu, nthawi imeneyo amakhala wotanganidwa ndi mitambo.

Ndiye mawu kumbuyo kwanga, koyamba kuwamva pafupi chotere. "Kakowa, malamba ako ali bwino? Tayesa ndodo, tayesa zopondera." Sakuyankhula ndi ine. Akuyankhula ndi ndege. Ndinati, "Kakowa, uwauze kuti zonse zili bwino."

Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Waya unakoka, udzu unathawa, tinakwera. Mphepo kumaso, misozi kutuluka yokha. Pansi minda ya mpunga youma, nthochi, ng'ombe ngati nyemba zotayika. Kutera kunali kwa chule. "Kakowa, tinanyamuka kamodzi, nanga kutera katatu bwanji?"

Zikomo Mulungu. Zikomo Bertha, ngakhale adzandikumbutsa mpaka kumanda.

Lolemba, 1 Okutobala

Nkhani yafika ku chipatala ndisanafike ine. Mayi wina pa sikelo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuti: "Ndimwe mukuwuluka na adada vyala?" Ankanena apongozi. Ndinati ine ndimauluka ndi ndege, amene ndege imanyamula kumbuyo ndi nkhani yake. Anaseka mpaka mwana anadzuka.

Akulu a ku Songwe sanavomere, sanakanenso. Akuti anafunsa ngati dengalo linachokadi, atamva kuti inde, anayamba kukamba za matenda a ng'ombe. Amayi akuti kuno kumeneko ndiye kulola.

Sopo watha. Mchere wakwera.

Loweruka, 6 Okutobala

Kutentha kosaneneka. Kandulo wapindika yekha pawindo.

Tinapeza mpweya wokwera pamwamba pa munda wotenthedwa. Adokowe anali kuzungulira momwemo, ife tinalowa pansi pawo n'kumazungulira nawo. Kukwera popanda injini, popanda waya, mpaka mapiri a ku Tanzania anaonekera bwinobwino ndipo mphepo inayamba kuzizira. Ndikanakhala komweko mpaka mawa. Koma pansi miyala ikudikira, ndiye sitinachedwe.

A Morton ankaphunzitsa ndi manambala ndi singano za timawotchi ta m'ndege. A Kaputeni amaphunzitsa ndi matako, ndikhululukidwe. "Kakowa, mpweya umayamba kuumva pampando. Singano imanena mochedwa ngati telegalamu."

Koma mafunso satha. "Kakowa, singano ikuti chiyani?" "Kakowa, pabwalo pali ng'ombe kapena palibe?" "Landirova yaima mbali iti?" Mayeso okhaokha. Ndimayankha ngati mwana wa sukulu.

Chondidabwitsa n'chakuti ndikangochita mantha, ndisananene kanthu, amati, "Kakowa, khosi lako lauma. Puma." Amadziwa bwanji? Mwina ndodo yawo yakumbuyo imanjenjemera nane.

Lachitatu, 17 Okutobala

Petulo wasowa dziko lonse. Zifukwa amanena a pa wailesi, ine sindilemba. Ambulansi yathu yaima. Landirova ya pabwalo ikumwa zosonkha, uyu botolo, uyo kachigubu. Ndaperekapo ya nsapato za Khirisimasi. Ambokile anapalasa njinga mpaka ku Songwe kukaona azakhali odwala, anabwera azakhaliwo ali m'zigubu ziwiri. Za matenda sitinafunse.

Ophunzira atsopano akubwerabe, ena kuchokera ku Chitipa. Munthu amafika mbandakucha, amakankha ndege mpaka dzuwa kupendeka, amabwerera osachoka pansi. Kunyinyirika kwayamba. Wina akuti mpongozi akukonderedwa. Zinandiwawa, chifukwa mwala wanga umakhala pamzere ngati wa wina aliyense.

Amayi akuti a Kaputeni akafika kunyumba amagona osavula nsapato. Munthu mmodzi, khamu lonseli. Ndawatumizira mankhwala opaka msana ndi shuga, kudzera kwa Hudson.

Loweruka, 27 Okutobala

Ndalakwa.

Waya unaduka tikukwera. Kulira ngati chikwapu, kenako zii. Mphuno ya ndege ili m'mwamba, pansi pali pafupi. Dzanja linakankha ndodo lokha mutu usanaganize, monga anandiphunzitsira. Ndinamasula chidutswa cha waya. Kutsogolo bwalo linalipo lokwanira, koma ng'ombe ziwiri zinali zitalowa kumapeto. Ndinakhotera pang'ono kumanzere, tinatera m'ziputu, tinakaima pafupi ndi chulu. Palibe chothyoka.

Kumbuyo kunali chete. Osamva "Kakowa", osamva ngakhale kutsokomola. Unesi unandigwira, ndinaganiza kuti mtima wawo waima. Ndinatembenuka.

Anali bwinobwino, akumwetulira, magalasi atagwera pachifuwa. Nkhope ya Hudson yeniyeni, yokalamba. Mpata wa pakati pa mano womwewo. Ndipo diso lakumanzere loyera ngati mkaka. Ng'ala yokhwima. Lakumanja nalonso layamba chifunga.

Tinayang'anana. Kanthawi kochepa, koma onse amene ankathamangira kwa ife anaona. Ndinakokera duku kumaso. Bertha ananditulutsa ngati wakuba.

Tikuchoka ndinamva Ambokile akuwauza m'Chinkhonde za ng'ombe zija. Kenako iwo, mokweza kuti ndimve: "Kakowa, ng'ombe zija wazilambalala bwino." Anachita kuuzidwa. Sanazione.

Lamulungu, 28 Okutobala

Sindinapite ku tchalitchi.

Sanali mayeso. Singano ikuti chiyani, pabwalo pali chiyani. Ankafunsa chifukwa sakuona bwino. Ndakhala maso awo mwezi wathunthu osadziwa. Nesi ine, diso limene ndikanalizindikira munthu akadali pachipata, koma ndilo diso lokhalo m'Karonga muno limene sindiloledwa kuliyang'ana.

Poyamba mkwiyo. Kukweza ana a eni ndi diso limodzi lachifunga! Kenako chisoni. Akanasiya, akanatsala ndani? Miyala yonse ija ikuyang'ana iwo. Kenako mantha a ine ndekha: mwina sindidzakweranso. Ku Songwe amva kale, nkhani yotere siyenda wapansi.

Ndamuuza Hudson zonse. Akuti adada savula magalasi chiyambire chaka chatha, iye ankayesa ndi fasho ya ku Zambia.

Kukhala chete sindingathe. Ndikanena, mwina aleka kuuluka lero lomwe, ine n'kutsala panjira. Ndikapanda kunena, tsiku lina kutsogolo kudzakhala watsopano amene sadziwa kuyang'ana ng'ombe. Ndanena kale mumtima, kwatsala pakamwa.

Lachisanu, 2 Novembala

Ndinapita kwa amayi ndi nkhuku yopepesera, monga anandilangizira Bertha. Thadzi langa lamawanga, loikira bwino. Ndinagwada kukhitchini. A Kaputeni anali kuseri kwa mpanda wa bango, ndinkamva akusema kanthu.

Amayi analandira nkhuku, anaiyeza m'manja, anati mlandu watha. Anawonjeza chapansipansi kuti munthu wotembenuka kuti aone ngati mnzake ali moyo si wamwano. Akulu a ku Songwe akalandira mwendo.

Ndiye ndinauza nkhuku. Kakowa kunalibe, ndikanatani? Ndinati: "Nkhuku iwe, ng'ala imachotsedwa. Dokotala wa maso amabwera ku chipatala cha mishoni mu Disembala. Ndaonapo anthu olowa atagwiridwa dzanja, akutuluka akuwerenga Baibulo. Koma diso likadali chomwecho, wosadziwa kutera yekha asakwere." Ine, kuuza apongozi zochita.

Kusema kunaleka. Patapita nthawi, kuseri kwa mpanda: "Nkhuku iyi yanena zoona. Ku mpeni ndipita. Koma Kakowa ayambe wauluka kumbuyo kulibe munthu."

Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti pakhomo pawo ziweto zonse zasanduka amesenjala.

Ndinabwerera ndi chambiko m'botolo, mkaka wawo wowawasa uja, ndi miyendo yopepuka.

Loweruka, 10 Novembala

A Kaputeni anasonkhanitsa onse pa shedi, ine ndili kuseri kwa malata. Anavula magalasi okha, pamaso pa gulu. Anati atsopano sawakwezanso chaka chino. Auluka ndi okhawo otha kutera okha: Patson, Julius ndi ine.

Wina wa ku Chitipa anatola mwala wake n'kuuponya m'tchire. Sindimuweruza, ulendo wake ndi wautali. Koma ambiri anatsala, kukankha ndege imene sakwera, kuthamangitsa ng'ombe padzuwa. Anthu amenewa ndidzawabwezera chiyani?

Petulo watsala wa maulendo owerengeka. Patson anayang'ana chigubu, anayang'ana mitambo ya ku Misuku, anatola mwala wake n'kuuika kumbuyo kwa wanga. Julius anachita chimodzimodzi. Ndinakana. Patson akuti: "Asisita, tikagawana atatu palibe afike. Fikani inu, mudzatinyamule."

Tsiku lonse kunyamuka ndi kutera, kunyamuka ndi kutera. Tsopano sindidikira kufunsidwa. Ndimangouza Kakowa zonse zimene ndikuona.

Loweruka, 17 Novembala

Tsiku loipa. Mphepo yopingasa, ine manja olimba ngati a munthu wosinja. Ndinatera mokhota, phiko linakhula pansi, nsalu yake yang'ambika pang'ono kunsonga. Petulo wa anthu, mwayi wa Patson, ndikuwonongera zotere.

Ndinayembekeza kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Kakowa, lero ukuuluka ndi ngongole pamutu. Palibe akukulipiritsa. Pita ukagone."

Madzulo anamata phiko okha, Ambokile akuwauza pamene pang'ambika, iwo akupapasa ndi zala.

Lachitatu, 21 Novembala

Mabingu ku mapiri. Fungo la mvula. Alimi akuyang'ana kumwamba ndi chimwemwe, ine ndi mantha. Kupempherera kuti mvula ichedwe m'dziko la mpunga ndi tchimo, ndikudziwa. Ndangopempha kuti iyambire ku Chitipa.

Loweruka, 24 Novembala

Mitambo yakuda kumpoto kuyambira m'mawa. Tinauluka kawiri. Ulendo wachiwiri sananene kanthu, kuyambira ponyamuka mpaka poima. Atatikankhira poyambira ndinayamba kumasula malamba kuti nditsike. Ndinamva kumbuyo kukugwedezeka, ndege ikupepuka. Kenako wina akumanga malamba pampando wopanda munthu. Dzanja linamenya kawiri pamsana pa ndege.

"Kakowa, pita wekha. Ine ndatopa nawe."

Patson anagwira phiko. Julius anakweza mbendera kuti Ambokile aone. Waya unawongoka, unakoka.

Ikakhala yopanda munthu kumbuyo imakwera ngati yakhululukidwa machimo. Ndinamasula waya. Mphepo yokha. Ndinadzimva ndikunena kuti, "Kakowa, singano ili bwino, pabwalo palibe ng'ombe," popanda wondifunsa. Kenako ndinachita chimene ndakhala ndikuopa miyezi yonseyi, ndinatembenuka. Mpando, malamba omangidwa bwino, ndi chipewa chawo atachimangirira pomwepo. Ndinalira, ndinaseka, khosi linauma, ndinadziuza ndekha kuti puma.

Ndinatera kamodzi. Kamodzi kokha.

Nthungululu za Bertha zinamveka mpaka ku Mwenilondo. Ananditsira chidebe cha madzi pamutu, mwambo umene anasiya a Morton. Hudson anandinyamula pamaso pa anthu, munthu wamanyazi uja. Akuti nthawi yonse ndili m'mwamba anali atatsinzina.

Bertha akuti a Kaputeni nawonso sanayang'ane kumwamba. Anaima chofulatira, mutu atapendeketsa, akumvetsera mluzu wa mapiko. Ndisanagunde pansi anati, "Wabwera bwino." Gulu litachepa, ine nditafunda nsalu pambali, anayandikira ndege n'kuisisita phiko. "Kakowa, umuuze mwana wanga kuti ndaga. Ndaga fijo."

Zikomo ya Chinkhonde, yaikulu. Iwo kuthokoza ine. Ndipo akuti mwana wanga.

Lachiwiri, 27 Novembala

Yagwa. Kuyambira dzulo osakata. Bwalo lasanduka la achule.

A Kaputeni anyamuka ndi Hudson sabata yachiwiri ya Disembala kupita ku mishoni. Akuti diso likapola adzayambiranso ndi atsopano, ine ndidzayamba kuphunzira za kumbuyo, za uphunzitsi. Zaka ziwiri, mwina zitatu, ndi mayeso ku Blantyre. Mmene tidzakhalire, iwo kutsogolo ine kumbuyo, sindikudziwa. Bertha akuti nkhongo si nkhope, nkhani ya ku Songwe timusiyire iye. Wabweretsanso uthenga wa a Kaputeni: chipewa chikhale pomwe chili, mwini wake watsopano akachipeza.

Nditaweruka ndinapita ku shedi kukaona ngati denga likudontha. Likudontha, ndaika beseni. Kunalibe munthu. Ndinamasula chipewa n'kukhala pampando wakumbuyo, koyamba.

Kuchokera pamenepo singano sizioneka bwino. Bwalo limabisika. Ngakhale wa maso awiri angaone zochepa. Chodzaza maso ndi pamene pamakhala mutu wa wophunzira, pafupi, ungaukhudze ndi dzanja. Duku ndi khosi. Ndiye kuti miyezi yonseyi, ndi diso limodzi lachifunga lija, chimene ankaona bwino chinali chimenecho. Nkhope yanga sankaidziwa, koma mantha anga onse anawawerenga, ndipo sanauze munthu. Anauza ndege.

Ndinakhala pamenepo mpaka beseni linadzaza.

Chipewa n'chachikulu, chikufika m'makutu, ndiikamo nyuzipepala. Mawa sikelo ya ana. Mwala wa Patson ndauika m'shedi, pakhomo penipeni, ukhale woyamba madzi akadzaphwa. Ali ndi khosi lalitali, lidzawerengeka mosavuta.